Tsiku Limene Anandinyamula m'Bulangete

Okondedwa achemwali a Kawena,

Landirani moni kuchokera kuno kozizira kummawa kwa Washington. Kaya muli bwanji kumeneko ku Hoolehua? Mayi mutu uja unawaleka? Nanga bambo, bondo lija likuwalola kutsikira kunyanja? Ine kuno ndiliko pang'ono. Ndayamba kuyenda ndekha mpaka kubafa, ngakhale ndikuyenda chowerama ngati munthu wotaya singano.

Ndasankha kulemba m'malo moimba foni chifukwa mukudziwa mmene zimathera. Ndikangoti ndifotokoze, mayi amayamba kulira, bambo n'kulanda foni, ndipo mawu awo ndi omwewo basi, akuti ndilongedze ndibwere kumudzi. Zimene munamva n'zoti anandichita opaleshoni ya kathumbo kaja amati apendikisi. Koma mmene ndinafikira kuchipatalako simunamve, ndipo ndikufuna inuyo mumve zonse musanavomereze zimene bambo akunena.

Mukukumbukira ndinakuuzani kuti pasukulu pano pali gulu la ana a kwathu ku Hawaii? Ndinapitako kamodzi kokha nditangofika. Ambiri ndi a ku chilumba cha Oahu. Nditanena kuti ndine wa ku kachilumba kathu ka Molokai, chimnyamata china chachikulu thupi, dzina lake Lopaka Medeiros wa ku Waianae, chinafunsa ngati ndinaonapo maloboti a pamsewu chibadwire, n'kulonjeza kuti tsiku lina chidzandiperekeza kukawaona. Onse anafa nacho chiseko. Ine sindinaseke, ndipo sindinapondekonso. Mtsogoleri wawo, Hiilei, mtsikana wa chaka chomaliza, ankanditumizirabe uthenga nthawi iliyonse akaphika, ine n'kumangoyankha kuti ndatanganidwa.

Itakwana nthawi ya tchuthi cha kumapeto kwa Novembala, ana akuno onse anapita kwawo kukadya nkhukundembo, ngakhalenso Brenna, mnzanga wogona naye chipinda chimodzi. M'nyumba yonse yogonamo atsikana munangoti zii. Tinatsala ndife a kutsidya kwa nyanja, poti kwathu si kofika pa basi.

M'mimba munayamba kundipota Lachitatu, ine n'kumati ndi chakudya cha kukantini. Pofika Lachinayi m'mawa ululu unali utatsikira kumanja, thupi lili moto. Nditati ndidzuke ndikamwe madzi ndinangoti khu, pakati pa bedi ndi tebulo. Foni inali pabedi pomwepo koma dzanja silinkafika. Achemwali, ndinagona pansi pamenepo ndikuyang'ana kuwala kwa pawindo, n'kumaganiza kuti Brenna adzandipeza Lamlungu nditauma kale.

Chamasana ndinamva kugogoda. Anali Hiilei, atanyamula mbale ya mpunga ndi nyama ya nkhumba. Akuti anatopa ndi mayankho anga ndipo anabwera kudzaona yekha kutanganidwako. Atamva kubuula m'kati anathamanga kukaitana mlonda kuti atsegule chitseko.

Anaimbira ambulansi, ndipo vuto linayambira pamenepo. Kunali kutagwa mvula ija ndinakuuzani, imene ikangofika pansi imauma n'kukhala ngati galasi. Magalimoto anali atawombana pamsewu waukulu kunja kwa tauni, maambulansi onse ali komweko. Mayi wa pafoniyo anati tidikire, sakudziwa kuti mpaka liti, n'kuchenjeza kuti wina asayerekeze kuyendetsa galimoto. Hiilei anandikhudza pamimba, ine n'kukuwa. Anandiyang'ana kumaso kanthawi, kenako anaimbira Lopaka.

Anabwera ndi kagulu konse kamene kanali kophika, ena manja akadali a mafuta. Lopaka anali mu jekete lalikulu, kabudula, masokosi ndi mapatapata, monga amavalira masiku onse. Atandiona pansi paja anati, "Aa, iwe Molokai, zonsezi n'kufuna kukwera galimoto yanga? Ukanangonena."

Panabuka mkangano pakhomo pomwepo. Ena amati tidikire ambulansi, tingakafere tonse kumtsetse. Lopaka mwiniwake anavomera kuti sanayendetsepo pa madzi oundana. Hiilei anati iye si wachipatala, koma nkhope ngati yangayo anaionapo kamodzi kwawo ndipo tsikulo anthu anadikira, wodwalayo n'kumwalira. Lopaka anangotulutsa makiyi m'thumba.

Sukulu yathu ili pamwamba pa phiri, chipatala chili kumunsi, kutsidya kwa mlatho. Anandigoneka pampando wakumbuyo, mutu pamiyendo ya Hiilei, enawo n'kukwera kumbuyo kwa pikapu kuti ilemere. Lopaka ankayendetsa ngati wanyamula mazira, uku akuinyengerera galimoto yakeyo ngati mwana wokana mankhwala.

Ine tulo tinayamba kundikoka, tulo tachilendo tozizira, ndipo Hiilei sanafune kuti ndigone. Anayamba kundifunsa mafunso a kwathu aja, kuti ndine mwana wa ndani, mayi ndi a kwa ndani, agogo anabadwira kuti. Ndikachedwa kuyankha ankanditsina khutu. Nditatchula azakhali a Lehua a ku Nanakuli, Lopaka anakuwa kutsogoloko kuti amenewo anakwatiwa ndi msuweni wa bambo ake. Anati, "Ndiye ndiwe wanga iwe! Usandifere m'galimoto, ndikayankha chiyani kwa azakhali?"

Asanatseke pakamwa, galimoto inayamba kutsetsereka. Sindinaone zambiri. Ndinangozindikira kuti tikuyenda cham'mbali, mitengo ikudutsa pawindo molakwika, Lopaka akukuwa kuti onse agwiritse, akumbuyo aja akulira. Tinazungulira, kenako chiphokoso, galimoto n'kuima itapendekeka m'ngalande. M'mimba mwanga munachita ngati mwang'ambika chinthu, ndipo posakhalitsa ululu unachepa. Ndinauza Hiilei kuti ndayamba kupeza bwino. Iye sanakondwere ayi, nkhope inangomugwa. Adokotala anadzandiuza pambuyo pake kuti mwina imeneyo ndiyo nthawi imene kathumboko kanaphulika.

Mwamwayi palibe anavulala kwambiri, kupatula mtsikana wina amene anang'ambika mlomo. Koma galimoto inakaniratu kutuluka m'ngalandemo, ndipo mumsewu munalibe ngakhale galu. Anayala bulangete n'kundigonekapo, aliyense n'kugwira mbali yake. Atangoyamba kuyenda awiri anagwa, ine n'kumenyetsa chiuno pansi. Anayesanso, anagwanso. Nsapato zinkangoterereka. Mnyamata wina anakhala pansi n'kuyamba kutukwana, akuti tamupha mwanayu ndi manja athu.

Lopaka patapata lake limodzi linali litatayika pangozi ija, ndipo ndi amene anazindikira kuti phazi la sokosi likugwira pansi bwino. Anataya linalo n'kuuza anzake kuti avule masokosi awavale pamwamba pa nsapato. Iye nsapato analibe, choncho anayenda ndi masokosi okha. Wina anafuna kumupatsa zake, koma phazi la Lopaka ndani angalikwanire?

Hiilei kwawo ku Kailua ankawongolera bwato la mpikisano. Anayamba kuitana mmene amaitanira opalasa kuti mapazi azitera pamodzi, ndipo akati sinthani, onse ankasintha manja. Ine ndinkangoona thambo lotuwa, nthunzi zotuluka m'kamwa mwawo, ndi chibwano cha Lopaka pamwamba pa mutu wanga. Pamlatho mphepo inkachita kucheka. Ndinkamva mmene akupumira ndipo ndinawapempha kuti anditsitse apumuleko. Hiilei anati, "Khala chete iwe, katundu salankhula."

Titayandikira chipatala tinafika pamphambano pamene pali maloboti, akusinthasintha okha popanda galimoto ndi imodzi yomwe. Lopaka anati ndidzutse mutu msanga ndione, lonjezo lake wakwaniritsa. Ndinafuna kumutukwana koma mphamvu ndinalibe.

Kuchipatala namwino anafunsa kuti wachibale ndani, poti enawo ayenera kudikira kunja. Onse anakweza manja. Mayiyo anawayang'ana mmodzimmodzi, wina wa Chijapani, wina wa Chifilipino, Lopaka ndi dzina lake la Chipwitikizi, n'kunena kuti sangakhale onse. Hiilei anayamba kumufotokozera za azakhali a Lehua kuyambira kwa agogo, mpaka namwinoyo anagonja n'kulola awiri. Zotsatira mukuzidziwa, paja ndi Hiilei yemweyo amene anakuimbirani ine ndili kale pa mpeni.

Chimene simukuchidziwa ndi cha mapazi a Lopaka. Atakhala pansi m'chipinda chodikiramo anapeza kuti masokosi aumira kumapazi, moti anachita kuwadula ndi sizasi. Zala ziwiri za phazi lamanzere zada bii. Madokotala akuti adikire kaye aone ngati zibwerere, apo ayi azidula. Pano akuyendera ndodo. Ndipo iyeyu ndi amene amatsogolera gule wa amuna pa phwando limene gululi limakonza chaka chilichonse mu Epulo. Ndikamufunsa amangoti zala n'zambiri, zatsala zisanu ndi zitatu, koma tsiku lina ndinamuona akuyang'ana phazilo akuganiza kuti ali yekha.

Chitulukireni m'chipatala ndikukhala kwa Hiilei, ndimagona pabedi pake iye n'kumagona pampando. Amasinthana pondiyang'anira. Wina amabwera ndi phala la mpunga la nkhuku ndi jinja, wina amandichapira, wina amandiwerengera zimene aphunzitsi alemba. Madzulo amaimba nyimbo za kwathu ndi kagitala kaja ka ukulele, ndipo ndinawaletsa kundiseketsa chifukwa ulusi wa pabala umakoka. Azakhali a Lehua tinawaimbira. Zoona ndithu, Lopaka amamudziwa, akuti ali mwana anawathyolera mtengo wa mapapaya.

Sindikubisirani, achemwali, sizinathe. Bala likutulukabe madzi mbali imodzi, ndipo thupi linatenthanso kamodzi mpaka anandibwezera kuchipatala kukandisinthira mankhwala. Pakangolasa pang'ono m'mimbamu mtima umagunda. Mayeso aphunzitsi andisunthira ku Januwale, kupatula mmodzi amene sanayankhebe. Adokotala akuti ndisakwere ndege mpaka bala litatsekeka, ndiye Khirisimasi ino ndidyera kuno.

Apa ndiye pali nkhani imene yandilembetsa kalatayi. Bambo atamva zoti sindingakwere ndege anati abwera okha kudzanditenga. Akuti alankhula kale ndi amalume kuti ndikayambe ntchito kusitolo kwawo ku Kaunakakai. Akuti mwana amene anatsala pang'ono kufera pansi yekhayekha m'chipinda sangakhalenso kumeneko, kali kokha n'kanyama. Ndinayesa kuyankha koma anadula foni, ndipo kuyambira tsikulo sanandilankhulenso.

Sindikuwaimba mlandu. Inenso ndikanakhala kholo ndikanatero. Koma bambo ndi bondo lawo lija, munthu amene sanaonepo madzi oundana pamsewu, abwere kuno m'nyengo ino? Ndiye tidzanyamule awiri m'bulangete? Komanso ndi iwo omwe ankanena kuti dziwe lathu la nsomba likufunika munthu wa pepala, woti azikangana ndi a boma m'chilankhulo chawo. N'chifukwa chake ndinabwera kudzaphunzira za madzi ndi nthaka. Sindinamalize ngakhale chigawo choyamba.

Pempho langa ndi limodzi. Mukawapeze bambo ali okha, pamene akusoka ukonde kuseri kwa nyumba, osati pamaso pa mayi. Inu amakumverani. Muwauze mmene ndakuuziranimu, osasiyako kalikonse, ngakhale za ngalande zomwe. Muwauze kuti zoona ndinali ndekha, koma pano sindilinso ndekha. Muchite zimenezi asanagule tikiti, chifukwa akangogula mukudziwa kuti sabwerera m'mbuyo, ndipo ine sindingathe kuwakanira ataima pakhomo.

Dzulo ndinawauza anzangawa zimene bambo anena. Tinali tikudya mpunga. Hiilei anati nkhaniyi ndi yanga, iwo sangandigwire mwendo. Lopaka anakweza phazi lake la mabandeji lija n'kuliika patebulo pakati pa mbale, ndipo anati, "Pita, msuweni, palibe vuto. Koma ponyamuka undisiyire zala ziwiri." Onse anaseka, ine misozi ili chuchuchu.

Lolemba likubwerali madokotala adzanena chimene agamula pa zala za Lopaka. Ndamuuza kuti ndimuperekeza, ngakhale akukana kuti odwala awiri saperekezana. Kadzakhala koyamba kuti nditsike phiri lija ndi miyendo yanga.

Mundiperekere moni kwa mayi, muwauze kuti ndikudya ndipo asiye kuyang'ana zanyengo yakuno pafoni. Kwa bambo moni wanga mupereke mutatha kulankhula nawo, osati musanayambe. Moni kwa alamu a Nohea, kwa amalume ndi akazi awo, ndi kwa kamwana kanu Pili, mukapsompsone m'malo mwanga. Mundiyankhe msanga, achemwali, zivute zitani. Masiku ano foni ikalira ndimayamba ndapuma kaye ndisanaone kuti ndani.

Ndine mng'ono wanu wokusowani,

Makamae