Bwerani Mudzawaimikire Mizati

Kwa Mphonde,
Nathenje.
Okutobala 2023

Okondedwa bambo a Thoko,

Ndayamba ndi moni, poti ngakhale munthu akwiye chotani, moni sam'mana mnzake. Muli bwanji kumgodiko? Chifuwa chija chinkakuvutani nthawi yozizira chinasiya? Kuno tilipo, Mulungu akutisunga. Thoko wakula, wandipitirira kale phewa, ali Sitandade 7. Amayi anu ndinawaona ku Mitundu tsiku la msika, akudandaula miyendo koma akuyenda. Anandifunsa ngati mumaimba foni. Ndinangoti netiweki ya kumapiri ndi yovuta, nanga ndikanati chiyani?

Musadabwe kuona kalata ngati tabwerera m'masiku akale. Foni yanu ndayesa ndatopa. Amayankha ndi mayi wa kumeneko, ndipo akangomva mawu anga amadula. Ndiye ndapatsira dalaivala wa lole ya malasha ija imatsitsa ku Kanengo, amene mkazi wake timagulitsira limodzi tomato pamsewu. Ndamuuza kuti akupatseni m'manja, asakasiye pakhomo.

Kuchokera chaka cha Kolona chija simunapondeko kuno. Ndinalumbira pamaso pa mng'ono wanga kuti sindidzakulemberani, ndithu ndinalumbira. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Sindikulemba za ine ayi. Ndi abambo anga, apongozi anu a Jeremiya.

Abambo akupita, a Lackson. Mwezi wathawu tinali nawo ku Nkhoma. Adokotala anawajambula pachifuwa n'kundiitanira pambali. Anati mapapo anadzaza fumbi la malasha, palibenso chochita, ndiwatengere kunyumba azikadya chimene mtima wawo ukufuna. Akatsokomola, makhololo amatuluka akuda bii, zaka zonsezi chichokereni kumgodi. Kuchoka pakhonde kupita kuchimbudzi amapumira panjira.

Imfa sakuiopa. Abusa atabwera kudzawapempherera anaseka nawo, n'kuwauza kuti katundu anamanga kale. Chimene akuopa ndi denga.

Inu nkhaniyi mumaidziwa theka, poti munafika mgodi utakula kale, uli ndi magetsi ndi zipewa zolimba. Masiku ano akuinena yonse, pang'onopang'ono, mpweya ukawalola. Ndiye lekani ndikuuzeni, mwina mumvetsa chimene ndikukupemphani.

Akuti iwo ndi ang'ono awo a Abednego anapita kumpoto ngati matenanti a fodya, ine ndili kumsana. Fodya atawagwetsa, anamva kuti kumudzi wina wa kumapiri a ku Rumphi akulemba anthu okumba malasha. Nthawi imeneyo mgodi wanuwo unali una chabe m'mbali mwa khwawa, pamene eni mudzi ankatola miyala yakuda n'kumawotchera njerwa. Kenako kunabwera bwana wina ndi mapepala ndi lole, basi una uja wasanduka wake.

Ankalowa chokwawa, tochi atamangirira pamphumi ndi chingwe cha mphira, piki kumanja, malasha n'kumatulutsa pa wilibala. Atabwera pa Khirisimasi yoyamba ali ndi wailesi paphewa ndi nsapato zachikopa, mudzi wonse unatekeseka. Pobwerera anatengana ndi a Gilibati, a Duncan, a Lovemore ndi ena. Kumeneko sankavutika ndi maina awo, ankangoti a Nathenje.

Chaka cha riferendamu mvula inagwa yoopsa, lole ya mitengo inakanika kukwera phiri. Mitengo yochirikizira denga inatha. Kapitawo anati alowe choncho, ntchito singaime chifukwa cha mitengo. Abambo akuti anagogoda denga ndi chitsulo, linalira ngati ng'oma yong'ambika. Analowabe, poti wokana ankachotsedwa ntchito tsiku lomwelo. Iwo anali atangotuluka ndi wilibala pamene linagwa. A Abednego anatsala m'kati.

Anakumba ndi manja mpaka zikhadabo kuzuka. Akuti ankawamva ang'ono awo akugogoda mwala kuseri, go go go, iwo n'kumayankha. M'mawa mwake kugogoda kunachepa. Kenako zii. Bwana uja analamula kuti njira imeneyo itsekedwe, angafenso ena. Kuno tinaika thunthu la nthochi m'manda, agogo akulira mwana amene sanamuone nkhope. Mayo ine, ndinali wamng'ono koma kulira kumene kuja ndimakumvabe.

Tsiku lotseka njiralo a Nathenje onse anagwirana manja n'kupangana. Anati aliyense wa iwo akadzafa, otsala adzatsikira m'manda mwake n'kumuimikira mizati ndi mitanda monga amachitira mumgodi. Munthu wa malasha asadzagonenso pansi pa denga losachirikiza.

Anabwerako mmodzimmodzi, aliyense ndi chifuwa chake. Oyamba kupita anali a Duncan. Adzukulu atamaliza kukumba kachipinda kogonekamo bokosi, anthu anangoona azibambo akuvula majekete n'kutsikira m'dzenje ndi mitengo yosemasema kale. Ena anaseka, ena anati ndi zamatsenga za kumpoto. Koma kayendeni kumanda kwathu lero mukaone nokha. Manda ena onse mvula ikagwa amatitimira, a anthu a kumgodi ali chiimire.

Za inuyo mwaiwala kapena ndikukumbutseni? Abambo anakupezani pamsika wa Mitundu mukusenza matumba a mtedza, opanda ndi nsapato zomwe. Anakutengani, anakuphunzitsani kumva denga, kenako anakubweretsani pakhomo pano n'kukupatsani mwana wawo. Anthu ankawachenjeza kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Iwo ankayankha kuti uyu si mkamwini, ndi mwana wamwamuna amene Mulungu anawamana, poti ife tinabadwa akazi okhaokha.

Pa maliro a a Gilibati, wa kumgodi wotsala anali abambo okha, ndipo anali atafooka kale. Munatsika ndinu, iwo ali pamwamba akukulozerani ndi ndodo. Ine ndinali chapatali ndi azimayi anzanga, koma ndinkamva kukhoma kwanu, ndipo ndinanyada zedi kuti ameneyo ndi mwamuna wanga. Sabata yomweyo munakwera basi. Sitinakuoneninso.

Tsopano watsala ndani woti adzawatsikire iwo? Anaika anzawo onse bwinobwino, iwo n'kutsala okha.

Chibwerereni ku Nkhoma anayamba kukana kugona m'nyumba. Ankakhala pakhonde atatsamira khoma, bulangete paphewa, kunja kukucha ali pomwepo. Akafuna kulowa kukatenga kanthu, ankayamba agogoda denga ndi ndodo n'kutchera khutu. Thoko ankaseka poyamba, kenako anasiya.

Tsiku lina ndikuchokera kumsewu ndinapeza palibe. Ndinafunafuna mpaka ndinawapeza kudimba atagwa pansi pa bulugamu, nkhwangwa ili poteropo, mtengo atangoukanda khungwa. Ankafuna kudzidulira okha mizati. Ndinawabereka kumsana ngati mwana, ndipo abale inu, sakulemera ndi pang'ono pomwe. Mudzi wonse unamva. Pachitsime akuti a Jeremiya akudziitanira imfa, ena akuti mutu wabalalika.

Ndinaitana adzukulu kuti abambo alankhule nawo. A masiku anowa ndi anyamata, akuluakulu aja anatha. Anabwera ndithu, anakhala pamphasa mwaulemu. Abambo anayamba kufotokoza, koma mawu awiri chifuwa, mawu awiri chifuwa. Wina anatulutsa foni n'kumayang'anamo. Wamkulu wawo anati asadandaule, adzayala mitengo ndi mphasa pamwamba pa bokosi monga amachitira ndi aliyense, manda si mgodi. Wina wapambali ananong'ona kuti wakufa samva dothi.

Abambo anamva. Sanakalipe. Anangoti Abednego anamva, anamva usana ndi usiku, ndipo iwo anali kuseri kwa mwala akumuyankha. Atatero anatembenukira kukhoma. Tsiku limenelo sanalawe ndi madzi omwe.

Ine ndimadziwa kuti wakufa samva dothi, ndimapemphera, ndine wa Chigwirizano. Koma amoyowa akumva. Akufa pang'onopang'ono ali ndi mantha, ndipo mantha amenewo akundidya ine.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti sanakunenenipo choipa ngakhale kamodzi. Ine ndikayamba kukutukwanani, poti ndimakutukwanani ndithu, musaganize kuti ayi, amandiletsa. Amati mwana wawo ali pa shifiti, akaweruka abwera. Za mayi wa kumeneko akudziwa, anthu anawauza kale, koma amangoti kumgodi n'kozizira, ndisamaweruze.

Lachisanu lapitali anandifunsa ngati mwayankha foni. Ndinawayang'ana mmene anakhalira pakhonde paja, milomo itauma, maso ali pa ine. Pakamwa panga panangotuluka kuti ee, ndalankhula nanu, mwati mukubwera mvula isanagwe, ndipo mizati mudzaimika nokha.

A Lackson, anamwetulira. Anapempha phala, anamwa mpaka kutha. Kenako anati ndiwayalire m'nyumba. Analowa osagogoda denga, anagona chagada pamphasa, tulo tofa nato mpaka dzuwa kukwera. Ine ndinapita kuseri kwa khola ndinakalira, poti ndanamiza bambo wanga ali pafupi kufa.

Kuyambira pamenepo minibasi ikaima pamsewu amatukula mutu. Dzana anauza Thoko kuti asese m'kuka muja munkasungamo zida zanu. Piki yanu yakale anati aichotse dzimbiri.

Ndiye ndi ichi ndikukupemphani. Sindikuti mubwerere kwa ine. Zimenezo ndinalira zinatha, mtima unachita kuuma wokha. Sindidzakufunsani za sopo, za fizi ya Thoko, kapena chimene ndinakulakwirani. Sindidzaitana ankhoswe. Mukafuna mudzagone ku Mitundu kwa amayi anu, m'mawa muzibwera pa njinga. Mungobwera akuoneni ndi maso ali moyo, muwagwire dzanja, muwauze ndi pakamwa panu kuti denga lawo mudzalichirikiza. Tsiku likadzafika mudzatsike monga munatsikira kwa a Gilibati. Mukadzatuluka m'dzenjemo mudzasambe m'manja, mudzakwere basi yanu, palibe adzakugwireni malaya.

Mitengo musavutike nayo, ndadula kale. Ndinawauza abambo kuti ndikufuna ndikukonzereni kuti musadzachedwe, ndiye andifotokozere zonse. Anasangalala. Anandituma mapesi, n'kumandionetsa pansi pakhonde pomwepo: mzati umaima chonchi, tsinde m'mwamba, mtanda umagona apa, kamtengo kosongoka kothinitsira, kamene amati mphero, umakhomera apa mpaka ukagogoda uzilira mouma. Ndinawafunsa mobwerezabwereza mpaka anandinena kuti ndine mbuli ngati kapitawo. Sanadziwe chimene ndimafunsira.

Amayi anu anati ndikadzakupezani ndikuuzeni kuti akufuna kukuonani nawonso. Thoko akupereka moni. Mng'ono wanga wakana, sindikunamizani. Mundiperekere moni kwa onse ogwira nawo ntchito, makamaka ngati alipo wina wokalamba amene akukumbukira a Nathenje. Mayi wa kumenekonso mum'patse moni wanga. Mumuuze kuti asaope, ndikungokubwerekani, ndidzam'bwezera.

Mulungu akusungeni polowa ndi potuluka pansipo, denga lisakugwereni.

Koma mukapanda kubwera, dziwani ichi. Abambo sindidzawauza zoona, adzapita akukudikirani. Ndipo adzukulu akadzamaliza kukumba, ine ndidzamanga chitenje m'chiuno, ndidzadutsa pakati pa azibambo onse ndi mitengo yanga paphewa, ndidzatsika ndekha. Ndikudziwa kuti mkazi salowa m'manda, ndiponso mwana sakonzera kholo lake pogona. Adzandigwira, adzanditcha wamisala, mwina ku mpingo adzandidula. Zonsezo ndavomera. Chimene chikundiliza n'chakuti ndaphunzirira pa mapesi, ndipo manja anga sanakhomepo mphero. Ndikuopa kuti ndidzaimika mokhota, mvula yoyamba n'kudzawagwetsera denga.

Mitambo yayamba kale kusonkhana cha ku Dedza. Chonde, bambo a Thoko, fulumirani.

Ndine mayi wa mwana wanu,
Rozina Nabanda