Bondo lakana kugwada

Lachitatu madzulo, mwezi wa Juni

Lero kwazizira koopsa. Chifunga sichinachoke m'phiri mpaka masana, ndipo chitsulo chimene madokotala anandiika m'bondomu chimamva chisanu msanga kuposa mwiniwakene. Chikubaya mpaka m'chiuno.

Apongozi anga aamuna anabwera kudzandizonda, wapansi kuchokera ku Chongoni. Nditangowaona pakhomo, thupi linayamba lokha kupita pansi. Chibadwire sindinaperekepo moni kwa munthu wamkulu ndili chilili. Ndinaiwala ndodo, ndinaiwala zoti bala ndi losoka. Ndinakuwa mpaka anthu apafupi anathamangira kuno. Bandeji yonse magazi okhaokha.

"Mayi, mudzipha chifukwa cha moni?" anatero apongoziwo. Anauza amuna anga kuti andikhazike pampando umene tinawakonzera, iwo n'kukhala pamphasa. Munthu waimvi pansi, ine pamwamba ngati bwana. Tiyi anandikanika kumwa.

Tsopano bondo latupa ngati dzungu, likutentha. Adokotala anati kuyenda kokha ndidzayenda. Zogwada sananenepo, ndipo ine ndinaopa kufunsa. Lamulungu ku Misa, mpingo wonse ukadzagwada, ine ndekha…