Mafuta a m'Fupa la Kalisto

Lolemba, 8 Okutobala 1928
Kalisto wabwera kuno kuchipatala komwe ndimathandiza adotolo, pa mwadiya, bwato la kwathu, wopalasa ali mkazi wake Esinala. Poyamba sindinamuzindikire. Munthu amene ankandibereka powoloka matope a ku Nyachikadza tili ana, lero mikono ngati bango. Kapamba watupa, kwinini wakanika. Koma kuseka sanaleke: "Sebastiano, shamwali, wanenepa ndi madzi a m'mabotolo!"

Lachiwiri, 9 Okutobala
Magazi ake ndawayang'ana. Ndi ochepa, koma kachilombo sikakuoneka. Adotolo akuti mawa tiboole fupa la pachifuwa, titengeko mafuta a m'kati. Esinala wakana, maso ali pa ine: "Alamu, fupa la munthu wamoyo?" Kalisto wangoti ndikamugwira ine, alola.

Lachitatu, 10 Okutobala
Ndinamugwira mapewa. Sanalire. Amang'ung'udza nyimbo ija tinkaimba pokazula nyika, mizu yodya ya maluwa a m'madzi, kudambo. Ine mawu ake ndinaiwala.

M'fupamo munatuluka kadontho kofiira, ka timibulu ngati mchenga. Ndinakapaka mopyapyala pa magalasi n'kuyanika. Loyamba lawonongeka: ndi kutenthaku utoto unauma ndisanathire madzi, galasi lonse zinyalala. Lachiwiri ndinalivundikira ndi mbale. Utoto, kudikira, madzi a mvula osefa, kutsuka pang'onopang'ono. Latuluka bwino, mtundu wake ndendende duwa la nyika m'mawa. Ndinangokhala nalo m'manja, n'kumaona m'maganizo amayi akutikalipira, ife misundu ili lendelende m'miyendo, Kalisto akunamizira ine.

Lachinayi, 11 Okutobala
Adotolo anakhalitsa pa makina oonera tizilombo, kenaka anandiitana kuti ndione. Mumtima ndinkapempha kuti tipeze kachilombo, poti kachilombo kali ndi jakisoni wake. Palibe. Timibulu ta mtundu umodzi tokhatokha, tosakhwima, tadzaza ponseponse ngati udzu wolanda munda. Fupa laleka kupanga magazi. Mankhwala kulibe, akuti ngakhale ku Ulaya.

Lachisanu, 12 Okutobala
Ndamuuza ndekha, Esinala ali pomwepo. Kalisto anathokoza m'chinenero cha kwathu, anati, "Takhuta. Ndiye undiperekeze kwathu madzi asanaphwe."

Chiwaikireni amayi sindinapondekonso.

Loweruka, 13 Okutobala
Adotolo andilola. Ndikulemba tikupuma pagombe, manja ali matuza okhaokha. Esinala anakhala pakati, mutu wa mwamuna wake uli pamiyendo, ine kumbuyo ndi mphondo yokankhira mwadiya. Mwadiya umangozungulira, mpaka ndinaulowetsa m'bango. Esinala anaseka, koyamba chibwerereni. Kalisto, maso ali chitsinzire, anakweza chala:

"Kumanzere, iwe. Njira yakale ija inatsekeka."