Mchere wa Gonthi

Wokondedwa mlongo wanga,

Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko. Kuno tadzuka, ndipo chifuwa cha bambo chija chachepako. Moni ndi ameneyo. Tsopano khala pansi, chifukwa ndakupsera mtima.

Ndiwe unaimba foni mwezi watha kuti nyama yakwera, ku butchala kwanuko anthu akulimbirana ndi mafupa omwe. Unati tigulitse Gonthi, ng'ombe yathu yaikulu yolimira, mtengo usanatsike, ndipo ndalama yake tigule misoti iwiri ndi kang'ombe kolowa m'malo mwake pagoli. Bambo anakana, ati ng'ombe yolimira sagulitsa mvula ili pafupi. Iwe unawauza kuti nzeru zawo nzachikale. Ine chitsiru ndinakhala mbali yako, mpaka bambo anagonja.

Mtengo umene umalemba pagalasi lakolo ndi wa nyama yodula kale, ya mufiriji. Kumsika wa ng'ombe mtengo umenewo sadaumvepo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, koma iwe unatiwerengetsa wa pachala.

Gonthi ndinayenda naye tsiku lathunthu kupita kumsikako. Pamsika ng'ombe zinali mbwee, aliyense akugulitsa poti msipu wauma. Ogula anali anayi okha, atakhala pamthunzi wa lole, akumwera botolo limodzi ngati apachibale. Sikelo satsegula m'mawa, mlongo wanga. Amadikira dzuwa lipendeke, ng'ombe zitaima padzuwa osamwa madzi, zitataya ndowe zonse, kuti zipepuke.

Mkulu wawo, amene amangomutcha Chipewa, anamuyasamitsa Gonthi nati mano atha, nyama yake ndi ya soseji basi. Mtengo umene anatchula sunafike ngakhale theka la wako uja. Ndinapita kwa anzake atatuwo, onse anatchula womwewo ngati aloweza. Ndinakana, ndinati ndiyesanso mawa lake.

Apa ndiye pali chimene chikundidya. Bambo wina wogulitsa mnzanga anandinong'oneza kuti anthuwa akamatibera ndi dzuwa, ife timabwezera ndi mchere. Ng'ombe ikanyambita mchere imamwa madzi ambiri, sikelo nkukwera. Muyeso sanandiuze, inenso sindinafunse. Ndinagula paketi yathunthu, nkusakaniza ndi madeya. Gonthi, ndi ludzu la masiku awiri, anamwa mpaka mimba kuti ndii.

Pasikelo analemeradi. Koma Chipewa anangomugunda chibakera pamimba, madzi nkumveka khuvu ngati m'chigubu. Anaitana anzake kuti adzaone mayi wobweretsa chitsime pamsika. Msika wonse unandiseka. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowe. Wogula sanapezekenso.

Pobwerera Gonthi anayamba kunjenjemera ndi kudzandira, thovu lili kukamwa, kenako anagwa m'mbali mwa msewu. Ola lisanathe lole ya Chipewa inaima, ngati kuti ankatitsatira. Anati ng'ombe ikafa yokha nyama yake ilibe wogula, ndisankhe msanga. Ndalama imene ndinalandira singagule mbuzi ziwiri. Anamuzinga pomwepo ine ndikuona, chingwe chikadali m'manja mwanga.

Ndiye ganiza, nyama imeneyo yapita kutauni, ndipo wina wovala epuloni yoyera ngati iwe waigulitsa pa mtengo wokwera uja. Palibe amene wafunsa za mano.

Mchere ndinapereka ndine, sindikukana, ndipo ndidzafa nalo limenelo. Koma iwe umadula nyama tsiku ndi tsiku, umacheza ndi eni malole amenewa. Sunadziwe mmene amagulira? Kapena unadziwa, koma unangofuna kumveka wanzeru pafoni?

Bambo ndinawauza zonse, osabisa ngakhale za paketi ija. Sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Anangokaima pakhola kuyang'ana Phulusa, mnzake wa Gonthi, amene watsala yekha ndipo akungolira. Dzulo ndinawapeza kuseri kwa nyumba akucheka goli pakati ndi sowo. Ati likhale nkhuni, ng'ombe imodzi ilibe nalo ntchito. Goli limenelo anasema okha chaka chimene iwe unabadwa.

Mitambo yayamba kusonkhana, munda wonse uli chikhalire. Aneba ng'ombe zawo zili ndi minda yawo, sangatibwereke mpaka atamaliza, ndipo pamenepo nthawi yobzala idzakhala itadutsa.

Usayerekeze kunditumizira kilo ya nyama monga umachitira ukalakwa. Sindingaimeze.

Undiperekere moni kwa alamu, iwo sanandilakwire. Ana uwauze kuti azakhali awo akuwakumbuka. Mulungu akusungeni nonse, ndi iwe wemwe, ngakhale pano sindikufuna kumva mawu ako pafoni. Pempha tchuthi ubwere sabata ino. Ndalama ya Gonthi ndagulira makasu awiri, ndipo lolemeralo ndi lako.

Ndine mlongo wako wamkulu.