Ndinabisira dokotala za makapisozi a m'chitini

Aphungu,

Ndine telala, ndili pa banja zaka khumi ndi chimodzi. Ine mankhwala otsala sinditaya. Makapisozi amene mwana sanamalize, amene mlamu anasiya, ndimasunga m'chitini cha mabatani. Amuna anga akadandaula m'mimba ndimawapatsa awiri, ndipo takhala tikutero kwa zaka.

Sabata yatha anayamba kumva kupweteka chakumanja, m'munsi mwa mchombo. Ndinawamwetsa makapisozi masiku anayi. Tsiku lachisanu mimba inauma gwa, kusanza, thupi kutentha. Kuchipatala anathamangira nawo ku opaleshoni. Kathumbo kotchedwa apendikisi kanali kataphulika, m'mimba mafinya okhaokha. Pano akuti tizilombo take sitikumva mankhwala awiri amene ayesa kale.

Dokotala anandifunsa apongozi ali pomwepo: "Mayi, kunyumba anamwako chilichonse?" Ine ndinati, "Ayi, palibe." Ndikaulula, apongozi andidya wamoyo. Kodi ndingokhala chete? Kapena ndiziwathirira makapisozi anga m'tiyi, poti kale ankawathandiza?

Mayi T. N.

Mayi T. N.,

Takulandirani adokotala a m'chitini! Udokotalawo munaphunzirira kuti, pa makina osokera? Munthu ali gone ndi bala pamimba, inu maganizo ali pa tiyi. Koma abale!

Tamverani. M'matumbo mwa tonsefe muli tizilombo, ndipo tikakhala pamalo pake sitivuta. Apendikisi ikaphulika timakhuthukira m'mimba, ndiye ngoziyo. Tsono munthu akamamwa makapisozi awiri lero, awiri mwezi wamawa, tofooka timafa, tolimba timatsala n'kuswana. Inu mwakhala mukuweta timeneto ngati nkhuku. Masiku anayi aja munangowatayanso, chifukwa apendikisi yotupa imafuna chipatala tsiku lomwelo.

Sindikuti mlandu wonse ndi wanu, tizilombo tosamva mankhwala tafala paliponse. Koma bodza lija ndi lanulanu, ndipo likundinyansa. Dokotala akusankha mankhwala osadziwa zimene wodwala wake wakhala akumeza.

Lero lomwe nyamulani chitinicho, ndi mapaketi omwe. Mukokereni dokotala pambali, mumuuze zonse: mtundu wa makapisozi, angati patsiku, kuyambira liti. Akakukalipirani, mezani malovu. M'tiyimo musathire kanthu, ndanena. Amuna anu akatuluka akamwe mankhwala ndendende monga awauzira, ndipo otsala a m'nyumba mwanu abwerere kuchipatala.

Apongozi akamva adzakutukwanani, inde, mwina chaka chathunthu. Koma mukazengereza adzakutukwanirani kumanda, ana anu akumva.

Aphungu