Buku Limene Mayi Birgit Anandibisira

Amayi, kodi kumeneko mukupeza bwanji? Ine kuno ku Manassas, ku Amereka, ndiliko, ndipo lero ndi pamene ndapeza mphamvu yokulemberani. Ndikudziwa mukuti, "Agness ameneyu, pakamwa changu koma pa kalata ulesi." Nenani ndithu, ndakusowani ndi matonzo anu omwe.

Ndiyambe ndi za kumudzi, ngakhale mwina inu mukuziona bwino kuposa ine. Achimwene a Yohane akolola mbatatesi yambiri kudimba lanu la kutsidya, koma chimanga chinapsa ndi ng'amba. Mbuzi yanu yamawanga ija yaswa awiri, ndipo ikadali yakuba monga munaisiyira. Kuno nane ndabzala maungu kuseri kwa nyumba. Agwape amabwera m'mawa kudzathyola nkhwani osaodira, ndipo kuno gwape sagendedwa, malamulo amamuteteza kuposa mmene amanditetezera ine.

Nkhani yaikulu ndi iyi. Mdzukulu wanu Chisomo anachira mu Febuluwale, mwana wamkazi, wonenepa bwino, mphuno yake yanu yeniyeni. Anamutcha dzina lanu. Sanandifunse, anangondiuza ali pabedi kuchipatala, nkhope ili ngwee, akudikira kuti ndilulute. Ine sindinalulute.

Mukudziwa kuti chibadwire sindinatchulepo dzina lanu. Munatilera kuti mwana satchula dzina la mayi ake, ndipo tsiku limene Yohane anayesa ali wamng'ono, khutu lake likukumbukirabe. Koma vuto silinali mwambo wokha. Titakuikani m'manda mu Novembala, ine m'mawa mwake ndinali kale pa msewu wa ku bwalo la ndege, chifukwa tchuthi cha kuntchito chinali chitatha. Abale onse anameta, maliro anatsekedwa, ine ndinakwera ndege ndi tsitsi langa lonse. Ndinafika kuno ndi maliro osatha, ndipo sindinkatha ngakhale kulira. Ndiye mwana atabadwa ndinkangoti "khandali", "mwanayu", ndikamunyamula pang'ono n'kumubweza ngati mbale yotentha. Chisomo anapirira mpaka tsiku lina anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mami, ngati simukumufuna mwana wanga, just say so." Kuyambira pamenepo foni inasiya kulira. Ku Woodbridge kumene amakhala si kutali, koma panapita miyezi osapondako. Ndinkaona kuti ndataya inu ndipo tsopano ndikutaya mwana wanga ali moyo.

Amene anandithandiza simungamuganizire. Mukukumbukira gogo wachizungu amene ndimamusamalira ku Annandale, Mayi Birgit, amene munkawatcha a Bigita pa foni? Iwo kwawo ndi ku Sweden. Anabwera kuno ali mtsikana, anaphunzitsa ana sukulu mpaka kukalamba, amuna awo anamwalira kale. Ine ntchito yanga ndi kuwasambitsa, kuwaphikira ndi kuwamwetsa mankhwala. M'nyumba mwawo makoma saoneka, ndi mabuku okhaokha a m'chinenero chawo cha Chiswidishi, ndipo ana awo aamuna awiri sangawerenge ngakhale tsamba limodzi. Maso awo anachita khungu, koma akayendetsa chala pa shelefu amadziwa buku lililonse monga inu munkadziwira nkhuku zanu. Zaka zonsezi ine mabukuwo ndinkangowapukuta fumbi.

Nditabwera kumaliro, anandimva ndikutsuka kapu imodzi kosalekeza. Anandiitana, n'kundigwiritsa buku, n'kunena kuti ndipite kulaibulale ndikabwereke lomwelo lomasuliridwa m'Chingerezi, ndizikawawerengera masana. Ndinati, "Mayi, ine sukulu ndinalekeza Fomu 2. Ndimawerenga Baibulo ndi mabotolo a mankhwala basi." Iwo anati, "Kodi ndakufunsa satifiketi?"

Ali ndi lamulo lawo pa mabuku. Akuti kwawo nyengo yozizira dzuwa limangosuzumira n'kubwerera, ndipo munthu wanzeru sapatsa mnzake buku lolemera mu mdima wotero. Mabuku opepuka ndi a nyengo ya mdima, olemera amadikira dzuwa. Ndinakumbukira mawu anu aja akuti mankhwala owawa samwera pamimba ya njala. Mukanagwirizana nawo, kapena mukanakangana tsiku lonse, pakuti nonse awiri simugonja.

Anandiyambitsa ndi mabuku a ana, ine gogo wathunthu. Amayi, ana a m'mabuku amenewo ndi amwano osati masewera. Amayankha akuluakulu, amakwera madenga, amagona nthawi imene afuna. Inu mukanathyola kale mkwapulo. Koma olembawo amamudziwa mwana mpaka mumtima, amadziwa kuti mwana wopulupudza nthawi zambiri ndi mwana wosungulumwa. Ndinaseka mokweza koyamba chichokereni kumudzi, mpaka ndinachita manyazi.

Kenako anandilola mabuku a apolisi ofufuza zakupha. Iwo amawanyoza, amati ndi maswiti, koma ndinkawaona akutchera khutu. Dziko laukhondo chonchija, anthu ake ofatsa, koma m'mabuku mwawo mitembo imangopezeka mu chipale chofewa. Wapolisi wake nthawi zonse ndi wotopa, banja linatha, m'mimba mumamuvuta, khofi ali m'manja. Ndinkamumvera chisoni kuposa wophedwayo.

Chipale chitayamba kusungunuka anati tsopano ndakula, ndingalawe mabuku akale, amene iwo amati ndiwo mizati. Apa mpamene ndinagwira pakamwa. Ine ndinkayesa umphawi unayambira ku Dedza. Ku Sweden nakonso kunali anthu olima m'minda ya eni chuma, malipiro awo mkaka, ufa ndi mbatatesi, chaka chikatha n'kulongedza timipando pa ngolo kukafuna bwana wina, chimodzimodzi atsibweni aja anathera moyo wawo pa utenanti wa fodya ku Kasungu. Minda yawo miyala yokhayokha ngati yathu ya kuphiri. Njala ikavuta ankasakaniza makungwa a mitengo mu ufa. Ena anakwera zombo kubwera kuno ku Amereka, kusiya amayi awo ataima pachipata, osadzaonananso. Tsamba limenelo ndinaliwerenga mothamanga.

Chimene chinandigometsa n'chakuti ambiri mwa olemba mabukuwo anali ana a anthu omwewo, osapita patali ndi sukulu. Sanachite manyazi ndi zikang'a za amayi awo. Analemba mmene mayi amakamira ng'ombe za bwana manja atachita dzanzi ndi chisanu, ndipo lero dziko lonse lawo limawerenga zimenezo mwaulemu. Ndinkaganiza za inu mukupalira mbatatesi mu chifunga cha Juni, miyendo ili mbuu. Palibe anakulembani.

Panalinso timabuku ta ndakatulo ta anthu olankhula Chiswidishi koma okhala dziko loyandikana nalo la Finland. Ndakatulo zake zazifupi, mawu ochepa ngati mchere. Ndikawerenga m'Chingerezi, iwo ankazibwereza pamtima m'chinenero chawo, chimene chimakwera ndi kutsika ngati munthu akuimba. Sindinkamva kanthu, komabe ndinkaleka kupinda zovala kuti ndimvetsere.

Mwa mabuku a masiku ano anandipatsa limodzi lolembedwa ndi mwana wa anthu obwera, amene makolo ake anathawira ku Sweden kuchokera kutali. Mwanayo amamva chinenero cha kwawo koma amayankha m'Chiswidishi, ndipo chilichonse chimene achita kuti akondweretse mayi ake chimatuluka chokhota. Limenelo linandibaya. Zaka zonsezi ndinkadandaula kuti Chisomo ndi mzungu wakuda, wondiyankha m'Chingerezi. Sindinaganizepo kuti pomutcha mwana dzina lanu ankandipatsa chinthu chachikulu kwambiri chimene anali nacho, ine n'kuchilandira ndi nkhope yamaliro.

Nthawi yonseyi panali kabuku kena kopyapyala, kachikuto chotuwa, kamene kankakhala pafupi ndi pilo wawo. Ndikakafunsa ankangoti, "Ako ayi, dzuwa silinakwane." Ine ndi mtima wanga wapachala mukuudziwa, ndinayesa kuona dzina lake kuti ndikakafunefune ndekha, iwo n'kukabisa pansi pa pilo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, munkatero, ndipo ndinadekha mokakamizidwa.

Mu Juni, sabata imene dzuwa limachedwa kwambiri kulowa, anthu a kwawo amachita chikondwerero. Anandituma maluwa ndi sitiroberi, tinakhala pakhonde masana, ndipo anatulutsa timabuku tiwiri, kawo kaja ndi ka Chingerezi kamene anali ataitanitsa mwakachetechete kudzera kwa mwana wawo. Nkhani yake ndi ya mayi wina amene akubwerera ku kachilumba kukalongedza nyumba ya malemu mayi ake. Palibe chachikulu chimachitika. Amangotsegula makabati, kutaya izi, kusunga izo. Kenako amapeza chopondera pansi cholukidwa ndi nsanza za zovala zakale, ndipo mzere uliwonse amauzindikira, uwu diresi la kutchalitchi, uwu epuloni ya kukhitchini. Wolembayo palibe pamene ananena kuti mayiyo analira. Mayiyo amangochichapa m'nyanja, kuchiyanika pamwala, n'kupita nacho kwawo. Kumeneko sanachitsekere m'bokosi, anachiyala pakhomo kuti ana ake azipondapo tsiku ndi tsiku.

Amayi, sindinafike kumapeto bwinobwino. Mawu anathawa, ndipo chimene chinatuluka ndi kulira kwa kwathu kwenikweni, kokuwa, kotchula "mayi wanga ine", pakati pa Annandale dzuwa likuswa mtengo. Aneba anasuzumira pa mawindo. Mayi Birgit sananene pepa, anangondigwira pamkono mpaka ndinatopa. Kenako anafunsa kuti kwathu maliro timawatseka bwanji. Ndinawafotokozera za kumeta. Anati, "Ndiye ukudikira chiyani? Ukufuna ndikumete ine ndi manja onjenjemerawa? Ndikudula khutu."

Loweruka lake ndinatsegula sutikesi imene ndinali ndisanaigwire chibwerereni kumudzi, ndinatulutsa chitenje chanu cha nkhanga chija, chikadali ndi fungo la utsi wa m'khitchini mwanu. Ndinalowa pa msewu waukulu, magalimoto ali ndii ngati nthawi zonse, mpaka ku Woodbridge. Chisomo anatsegula chitseko n'kuima osaseka. Ndinati, "Mwananga, tenga makina ometera a amuna ako. Ndabwera kuti undimete maliro a agogo ako." Analowa kukawatenga.

Ndikudziwa kuti sizimayenda choncho, kuti mwana sameta mayi ake, ndipo kuti miyezi inali itapitirira. Mlandu umenewo mukaukambe ndi amene amapereka tchuthi kuno. Ndinakhala pa kampando kuseri kwa nyumba, chitenje chanu chili paphewa, makina akulira. Tsitsi linkagwa ndi imvi zake zimene ndinkakubisirani ndi mankhwala akuda. Chisomo ankameta mosamala, ndipo ndinamva dontho lofunda likugwera pa mutu wanga.

Tili pakati, mwana anadzuka m'kangolo kake n'kuyamba kulira. Chisomo anafuna kuika makina pansi, manja ali tsitsi lokhalokha. Ine osaganiza n'komwe ndinati, "Maliza iwe, Esinati ndimutonthoza ine."

Makina anazima. Tinayang'anana. Chisomo anati, m'Chichewa chake chopunduka chija, "Mami, munene kachiwiri." Ndinanenanso. Ndinakutumula chitenje, ndinabereka mwanayo kumsana mutu wanga uli wometa mbali imodzi, ndipo anatonthola. Pasanapite nthawi ndinamva kutentha pamsana. Chitenje chanu cha ulemu chija mdzukulutuvi wanu wachinyowetsa, ndipo sindichibwezeranso mu sutikesi.

Lolemba Mayi Birgit anandisisita mpala n'kunena kuti tsopano ndingawerenge lililonse limene ndifuna, lamulo latha. Ndasankha kubwerera ku buku lija la osiya amayi awo pachipata, kuti tsamba ndinalithamanga lija ndiliwerenge modekha.

Mundikhululukire, Amayi, dzina lanu ndalitchula, ndipo khutu langa nali, mudzalikoke tikadzaonana. Koma dziwani kuti sindisiya. Ndizilitchula m'mawa ndi madzulo, pomuitana kudya ndi pomukalipira akakwera denga, mpaka iye atadziwa mwini wake woyamba anali ndani.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Agness