Sipika ya Kuwindo

Lolemba, 3 Juni

Yafika. Ampulifaya ya mababu, kulemera ngati thumba la simenti. Tinachita kunyamulizana ndi wa takisi, msana mpaka pano ukuwawa.

Miyezi yonseyi kusankha. Sitolo ndi sitolo, chimbale changa kukhwapa. Zambiri ndi zongobangula, besi gudugudu, za m'mabala. Iyi ayi. Woyimba akakoka mpweya umachita kumumva. Moyo wanga wonse kufakitale, m'phokoso la makina. Tsopano ndimvereko nyimbo ngati munthu.

Wataye, bambo wogulitsa uja, wati ikavuta ndibweze mwezi uno usanathe. Ndamuseka. Ivuta chiyani?

Mayi akunyumba angoiyang'ana kuchokera pakhomo la kukhitchini. "Penshoni ija ndi imeneyi? Ilibe ndi wailesi yomwe?"

Lachiwiri, 4 Juni

Tsiku lonse pabalaza. Sofa ndakankhira kukhoma, kabati ya mbale ndaitulutsira m'paseji. Masipika atalikirane ndi khoma, ina kuwindo kumanzere kwanga, ina kukhomo kumanja, mpando wanga pakati penipeni. Nkhondo ndi mayi akunyumba inali pa sofa. "Alendo akabwera azikhala pa sipika?"

Ndayatsa madzulo. Mababu kufiira pang'onopang'ono. Ndinadikira itenthe kaye, siifuna phuma.

Ya kukhomo, mawu oyera, nsambo iliyonse ya gitala payokha. Ya kuwindo, ngati munthu akuyimba atafunda bulangete. Woyimba amayenera kumveka pakati. Wanga wapendekera kumanja.

Ndapsa mtima. Chakudya sindinachikhudze.

Lachinayi, 6 Juni

Ndinapita kukagula mawaya ena, okhuthala, odula mochititsa manyazi. Pobwera ndapeza kansalu koluka pamwamba pa ampulifaya. Pamwamba pa kansaluko duwa la pulasitiki. Ili choyaka! Mabowo onse otulutsira kutentha atatsekeka, kansalu kakununkha kale ngati malaya oiwalidwa pa ayironi.

Ndinakalipa mpaka aneba anasuzumira pampanda. Mayi akunyumba ati, "Ndimaiteteza ku fumbi." Fumbi! M'nyumba muno chilichonse chokhala ndi pamwamba chimavekedwa kansalu. TV, firiji, ngakhale ine ndikagona pasofa nthawi yayitali ndidzadzuka nako kumutu.

Ndawauza kuti aononga mbali ya kumanzere ndi iwo. Zoti vuto linayamba dzana, kansalu kasanabwere, sindinatchule. Atengerepo phunziro.

Mawaya atsopano, chimodzimodzi.

Loweruka, 8 Juni

Mlamu anabwera, katswiri wa chilichonse pansi pano. Kukhala pampando wanga osapempha. Kutsinzina, kugwedeza mutu. "Zikumveka bwinobwino izi alamu, ingokwezani voliyumu." Munthu womvera nyimbo pafoni yosweka galasi andiuze ine! Pomaliza ati abwereke pa phwando la mwana wake. Ndamuuza kuti iyi siyenda maphwando.

Atachoka ndasinthanitsa masipika. Ya kukhomo kuwindo, ya kuwindo kukhomo. Vuto latsala kuwindo komweko. Ndiye kuti masipika alibe mlandu. Ndi ampulifaya. Wataye wandigwira m'maso.

Lachiwiri, 11 Juni

Takisi inanso, msana womwewo. Kusitolo.

Wataye anailumikiza, kuipima ndi kamakina kake, kumvetsera. "Bambo, mbali zonse zikutulutsa mofanana." Ndinamuuza kuti ine ndili ndi makutu, sindimvera nyimbo pa mita. Nanga m'sitolo ungamve chiyani, chitseko chili pululu, magalimoto akulizirana mahutala? Ati popanda vuto sangasinthe, mwina ndi chipinda changa.

Ndinamusambitsa chokweza, makasitomala ali pompo. Wakuba wovala taye. Iye kumangoti pepani, pepani. Kupepesa kumeneko n'komwe kunandipsetsa mtima kwambiri.

Ndabwerera nayo. Wa takisi wayamba kundiseka.

Lachisanu, 21 Juni

Masiku onsewa sindinalembe, ndinalibe chabwino cholemba.

Makatani okhuthala pawindo. Kapeti. Chithunzi cha ukwati ndachichotsa pakhoma, galasi lake limabweza mawu. Kuchokera tsiku limenelo mayi akunyumba amaonera TV kuchipinda. Chakudya ndimachipeza patebulo chovundikira. Mawu awo ndi "eya" ndi "ayi" basi.

Lero ndinafuna umboni woti ndikatseke nawo pakamwa Wataye mwezi usanathe. Ndasinthanitsa mawaya kumbuyo kwa ampulifaya, kuti mbali yake ya kumanzere iziyimbira sipika ya kukhomo. Ngati yodwala ndi ampulifaya, vuto lisamukire kukhomo.

Silinasamuke.

Si masipika, si mawaya, si ampulifaya. Chipinda ndachiveka ngati khanda. Nanga n'chiyani? Penshoni yalowa m'madzi ndikuona. Zandikwana.

Lamlungu, 23 Juni

M'mawa mayi akunyumba analowa ndi tsache, nyimbo ili mkati. Ati ndisunthe. Mwa mkwiyo ndinatembenuza mpando wonse, kufulatira masipika, kuti ndisawaone n'komwe.

Sipika ya kuwindo inayera. Gitala yense, nsambo iliyonse. Bulangete lija linapita kukhomo.

Ndinatembenuka. Linabwerera kuwindo. Ndinatembenukanso. Kukhomo. Likungotsata mbali yanga ya kumanzere.

Ndinatsitsa voliyumu mpaka zii, n'kutseka khutu la kumanja ndi chala. Wotchi ya pakhoma inasiya kugunda. Tsache likuyenda pa kapeti, ndikuliona, osalimva. Kuchotsa chala, zonse zabwerera.

Kufakitale makina anali kumanzere kwanga. Zotseka m'makutu ankatipatsa, tinkati n'za amantha.

Mantha, kenaka manyazi. Wataye. Kansalu kaja. Chithunzi chili pansi pa bedi.

Ndinawauza mayi akunyumba kuti khutu ili lafa. Ndimayembekeza kuti adzidzimuka. Anangoimika tsache, n'kubwera kuzungulira mpando mpaka kumanja kwanga.

"Bambo ake, mumayesa chaka chatha ndinasinthiranji mbali yogona pabedi?"

Ine ndinkayesa akuthawa mphepo ya pawindo.